Hassan Fathy ndi denga la zidina

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, tikamaphunzitsa za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse timakonda kutchula akuluakulu a asilikali. Lero ndikufuna tione mmene nkhondoyo inasinthira kamangidwe ka nyumba ku Egypt.

Hassan Fathy anabadwa mu 1900 mumzinda wa Alexandria ndipo anaphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba ku Cairo. Nkhondo itavuta, zitsulo ndi matabwa zochokera kunja zinayamba kusowa. Khoma la zidina mlimi aliyense ankatha kumanga. Vuto linali denga, chifukwa linkafuna mitengo, ndipo Egypt si dziko la nkhalango.

Fathy anayesa kumanga denga lokhota la zidina zokhazokha, koma linagwa. Mu 1941 anapita ku Aswan, kumene anapeza amisiri a mtundu wa Nubia akumanga madenga otere popanda thabwa lochirikiza. Amisiriwa ankayamba ndi khoma lalitali kumapeto kwa chipinda, n'kumasanja zidina mopendekeka, mzere uliwonse kutsamira pa unzake mpaka denga kutsekeka. Katswiri wa ku yunivesite anakhala wophunzira wa amisiri akumudzi.

Chapakati pa zaka za m'ma 1940 boma linamupatsa ntchito yomanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor, kuti anthu pafupifupi 7,000 amene ankakhala pamwamba pa manda akale asamukireko. Iye anamanga nyumba, mzikiti, msika ndi bwalo la zisudzo. Makoma okhuthala ankachedwetsa kutentha kwa dzuwa kulowa m'nyumba, ndipo mabwalo a pakati pa nyumba ankathandiza kuti mpweya uziyenda. Kusowa kwa zipangizo kunamupatsa nzeru zimene simenti ikanamubisira.

Komabe anthu ambiri anakana kusamuka. Chakudya chawo chinkachokera kumandako, kwa alendo odzaona malo ndi pa malonda a zinthu zakale. Pofika 1948 ntchito inaima mudziwo usanathe. Fathy anafotokoza zonsezi m'buku lake la Architecture for the Poor, lomwe linatuluka m'Chingerezi ndi dzinali mu 1973. Mu 1980 analandira mphoto ya Right Livelihood, ndipo anamwalira mu 1989.

Nkhaniyi ikutikhudza. Kuno ku Malawi uvuni uliwonse wa njerwa umadya nkhuni zambiri, ndipo mapiri athu akuyera. Amisiri akauzidwa kuti asiye njerwa zootcha, ena amati awamanga manja. Mbiri ya Fathy ikusonyeza kuti malire otere amatha kunola luso. Ikutichenjezanso kuti nyumba yosamala chilengedwe imapindula pokhapokha eni ake ataifuna. Wojambula pulani ayambe wafunsa kuti anthuwo amadya chiyani, ndipo amachipeza kuti.