Za Magalimoto a Mawaya ndi Banga la Guluu

Pamene boma linasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe m'chaka cha 1975, ntchito yomanga itayamba kale pansi pa bungwe la Capital City Development Corporation lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, mzinda umene poyamba unali boma laling'ono la amalonda ndi alimi a fodya unadzaza malole, mathirakitala ndi mipanda ya mawaya. Ndipo ana a amisiri ndi a anthu aganyu, amene anakhala ku Kawale ndi ku Biwi, ndiponso ku Area 23 ndi ku Area 25 pamene malo amenewa anatsegulidwa, anaona zinthu zonsezi ndi maso a njala, nayamba kuzipanganso ndi manja awo m'misinkhu yokwana pachikhatho. Luso limeneli silinabadwire m'tauni ayi. Makolo a anawa anaumba ng'ombe zadothi kudambo ali kubusa, nasema ngolo za mapesi zolumikiza ndi minga. Chimene mzinda unawonjeza ndi waya, chitini ndi mphira.

Tsono iye amene afuna kumvetsa mbiri ya ntchito imeneyi ayang'ane polumikizira, pakuti ndi pamenepo mmisiri adziwika. Mnyamata wa masiku amenewo analibe guluu, ndipo sanamufune. Ankawongola waya wolimba pomumenya ndi mwala pamwala unzake, napinda thupi la galimoto, kenaka natenga waya wofewa wa kopa, wochokera m'makina akufa, nakulunga pamphambano iliyonse mizere yogundana bwino, yosakwerana, kufikira mfundoyo italimba kotero kuti galimoto likagwa m'ngalande silinkaphwasuka. Mateyala ankawapanga ndi zitini za polishi wa nsapato, kapena zitsekerero za mabotolo zoyang'anitsana ziwiriziwiri, nazikuta ndi malegeni odula ku chubu chakutha cha njinga. Ndipo chiwongolero chachitali, chofika m'chiuno mwa mwini wake, chinkatembenuza mateyala akutsogolo monga momwe zichitikira pa galimoto lenileni. Anyamata aluso ankasiyanitsa basi ya UTM ndi lole yonyamula mabelo a fodya kupita ku Kanengo, ndipo wina akalakwitsa maonekedwe a mphuno ya Land Rover anzake ankamudzudzula poyera. Mbiri ya zidolezi inafika kutali, moti mu 1990 Karen Lynn Williams anasindikiza ku America buku la ana lotchedwa Galimoto, lonena za mnyamata wa ku Malawi wofunafuna mawaya.

Sikuti makolo athu sanadziwe zomatira. Anadziwa ulimbo wogwirira mbalame, wochokera ku utomoni wa mitengo, anadziwanso phula la njuchi. Ndipo anadziwa kuti ulimbo ukakakamira ku zala madzi sauchotsa, koma mafuta. Nzeru imeneyi, imene mwana aliyense wotchera mbalame anali nayo, ndiyo maziko a zonse zimene amisiri aphunzira pambuyo pake: chomatira chilichonse chili ndi mdani wake, ndipo wosamudziwa mdaniyo amawononga chinthu pofuna kuchiyeretsa.

Guluu analowa m'ntchitoyi pamene zidole zinasanduka malonda. Alendo obwera mumzinda anayamba kugula tinjinga, tindege ndi timagalimoto tamatabwa pamsika wa ziboliboli wa pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town, ndipo anyamata ena amene anakula akupinda waya anakhala amuna osema, odyetsa mabanja awo ndi timagalimoto tokhala ndi zitseko zotseguka ndi mipando m'kati. Tizidutswa totere sitimangika ndi waya. Motero anatenga guluu woyera wa akalipentala, ndi guluu wachikasu wa osoka nsapato, ndipo potsiriza pake kachubu kakang'ono ka supaguluu, kamene lero kapezeka pa okala iliyonse ku Chinsapo ndi ku Mgona. Mankhwala a supaguluu anawatulukira Harry Coover mu 1942, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958 ndi dzina loti Eastman 910. Koma kwathu kuno anafika m'manja mwa anthu wamba patapita zaka zambiri. Anafika ndi dalitso la liwiro, pakuti chimene chinkatenga madzulo onse chinayamba kugwira munthu asanamalize kupereka moni. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope a guluu ndiwo banga.

Ndikhulupirira kuti banga limeneli ndilo lalekanitsa amisiri enieni ndi ongothamangira ndalama, ndipo n'koyenera kulifotokoza bwino. Guluu woyera akafinyika kutuluka pamfundo amaoneka wosalakwa, chifukwa akauma amakhala ngati palibe. Koma amatseka timabowo ta thabwa, ndipo tsiku limene mmisiri apaka polishi, thabwa lonse limada bwino kusiya kamzere kotuwa kozungulira chitseko kapena teyala, kamene wogula amakaona msanga kuposa ubwino wonse wa chidolecho. Mmisiri wodziwa amakhala ndi kansalu konyowa pabondo pake, napukuta guluuyo asanaume. Ena amadikira pang'ono kuti alimbe, namutukula ndi nsonga ya lezala, poopa kuti madzi angamulowetse m'kati mwa thabwa. Akauma kotheratu palibe njira yachidule, koma kupala ndi lezala yoimika chilili, motsata mitsempha ya thabwa, ndi kusalaza ndi sandipepa wosalala kwambiri. Guluu wachikasu wa nsapato ali ndi khalidwe lina: akauma pang'ono amafikisika ndi chala nakulungika timibulu, ndipo wotsala, pamodzi ndi zomata za mapepala a pazitini, amafewa ndi dontho la palafini, ngakhale palafiniyo sayenera kukhudza thabwa losapaka, pakuti amasiya banga lakelake.

Supaguluu ndiye wovuta koposa onse. Amauma pokumana ndi chinyezi cha mumpweya, ndipo akachuluka nthunzi yake imatera pambali pa mfundo nisiya ufa woyera womatirira, makamaka pamene pali chidindo cha chala. N'chifukwa chake kagalasi ka galimoto kodulidwa ku botolo la pulasitiki kamachita khungu usiku umodzi, koposa m'miyezi ya dzinja. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, amene muli acetone, amamusungunula, ndipo pa waya ndi pa chitini amagwira ntchito bwino munthu akawapaka ndi kathonje kokulunga kumtengo wa machesi. Koma mankhwala omwewo amadya utoto, nasungunula mitundu ina ya pulasitiki, kotero kuti wanzeru amayamba wayesa pamalo obisika, kunsi kwa chidole. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri okhwima safinyira guluu pachidole penipeni. Amadontheza pa chitsekerero cha botolo, natunga ndi nsonga ya singano kapena ya munga, naika pang'ono pokha pamene pafunika, ndi kusiya chidolecho pamalo opita mphepo kuti nthunzi ichoke.

M'zaka zaposachedwapa zidole zapulasitiki zotsika mtengo zochokera kunja zadzaza misika, ndipo ana ambiri a m'tauni salinso ndi chifukwa chosakira waya. Chimenechi chimandimvetsa chisoni, pakuti pamodzi ndi galimoto la mawaya ikutha sukulu imene inaphunzitsa ana kuyeza ndi diso, kupinda ndi kulumikiza. Komabe m'tinjira ta ku Mgona ndi ku Chinsapo, kumene ndalama ya chidole cha m'sitolo siipezeka, ana akupangabe malole a mapaketi a Chibuku, obowola ndi msomali, a mateyala odula ku patapata wakutha. Ndipo poti kachubu ka guluu kali ndi mtengo wake, ambiri a iwo akumangabe mfundo zawo ndi waya ndi malegeni.