Scott Walker ndi mtsutso wa ku America: bwanamkubwa wabwino azikhala kwawo?

Anzanga, mukamva za ndale za ku America mumaganiza za White House basi. Komatu dzikolo lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake komanso nyumba yake ya malamulo. Kuyambira mu 1791, malamulo awo amati mphamvu zomwe sizinaperekedwe ku boma lalikulu ndi za zigawo kapena za anthu. Ma conservative, omwe ambiri ali m'chipani cha Republican, amaikonda mfundoyi. Ena mwa iwo amafika ponena kuti mtsogoleri akamachita bwino kuchigawo, musamukokere ku mpikisano wa upulezidenti.

Taonani za Scott Walker wa ku Wisconsin. Anapambana chisankho mu 2010. Mu 2011 anasainira lamulo la Act 10 lomwe linachepetsa mphamvu za mabungwe a ogwira ntchito m'boma, ndipo anthu miyandamiyanda anachita zionetsero ku Madison. Mu 2012 kunachitika chisankho chofuna kumuchotsa, koma anapulumuka, woyamba m'mbiri ya abwanamkubwa a dzikolo kutero. Mu 2014 anawinanso. Achipani chake anati uyu ndiye munthu.

Pa 13 July 2015 analengeza kuti akufuna upulezidenti. Pofika pa 21 September anali atasiya kale: ndalama za kampeni zinali zitatha, ndipo Donald Trump ndiye anali pakamwa pa aliyense. Kwawo nako anthu ambiri anali atamutaya mtima, poona kuti maso ake ali ku Iowa. Mu 2018 Tony Evers wa Democratic anamugonjetsa ndi mavoti ochepa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Mitch Daniels wa ku Indiana anasankha njira ina. Mu May 2011 anakana kupikisana nawo, akuti chifukwa cha banja lake. Anamaliza nthawi yake mu 2013 n'kukatsogolera yunivesite ya Purdue.

Koma musafulumire kugamula. Ronald Reagan analamulira California kuyambira 1967 mpaka 1975, kenako anakhala pulezidenti mu 1981, ndipo ma conservative omwewo amamutamanda mpaka lero. Akanamukaniza, bwenzi alibe ngwazi yawoyo.

Ndiye nkhani yagona apa: Reagan anatenga upulezidenti atamaliza ntchito ya kwawo, pomwe Walker ananyamuka pasanathe chaka anthu atamuvoteranso. Inu mukanakhala a ku Wisconsin, mukanamukhululukira?