Sheya si ngongole

Ambiri mukamva kuti uje wagula masheya, mumayesa kuti wakongoza kampani ndalama. Ayi ndithu. Mawu akuti sheya tidabwereka ku Chingerezi, ndipo amatanthauza gawo: wogula sheya amasanduka mmodzi mwa eni kampaniyo. Amayi a banki m'khonde amawadziwa bwino mawuwa, pajatu wochulutsa masheya ndiye amakolola zambiri tsiku logawana.

Tsono umwini umadza ndi udindo. Kampani ikamathira zonyansa mumtsinje, chindapusa chimadya phindu la mwini sheya, manyazinso amamugwera. N'chifukwa chake ena amayamba afufuza khalidwe la kampani asanagule. Mu 2010, thumba la ndalama la boma la Norway lidasiya kusunga masheya m'makampani opanga fodya, nkhani yomwe ife a dziko lodalira fodya sitingainyalanyaze.