Ngongole, Msonkho ndi Ndende m'Chigwa cha Domasi

Atsamunda asanafike, Amang'anja ndi Ayao a m'chigwa cha Domasi analibe nyumba yotsekeramo anthu olakwa, chifukwa milandu yambiri inkathera pabwalo la mfumu mwa kulipira dipo, ndipo banja lolephera kubweza ngongole linkapereka chikole, kutanthauza katundu kapena munthu amene ankakhala kwa mwini chumacho mpaka abale ake atamuwombola.

Ndende inabwera ndi boma la Harry Johnston, limene linakhazikitsa likulu lake ku Zomba mu 1891. Ngakhale kuti ku England lamulo la 1869 linali litaletsa kale kutsekera anthu ambiri chifukwa cha ngongole, kuno kunabadwa ngongole yachilendo imene munthu sankachita kukongola, ndiyo msonkho wa nyumba, umene mu 1894 unali mashiling'i atatu pachaka. Wolephera kukhoma ankamumanga n'kumugwiritsa ntchito yolambula misewu kapena ya mtengatenga, ndipo akathawira kuphiri, asilikali nthawi zina ankatentha nyumba yake kapena kugwira mkazi wake kuti akhale ngati chikole cha boma.

Ndende yaikulu ya Zomba inamangidwa mu 1935, koma mbiri yowawa kwambiri ya derali ili pa Mikuyu, kumunsi kolowera ku nyanja ya Chilwa, kumene boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linkasungako anthu osazengedwa mlandu m'khoti lililonse. Mmodzi mwa iwo anali mlakatuli Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, amene anakhala kumeneko kuyambira 1987 mpaka 1991.

Kusintha kunayamba mu 1994, pamene Bakili Muluzi atangolumbira kukhala mtsogoleri wa dziko analamula kuti ndende za Mikuyu, Dzaleka ndi Nsanje zitsekedwe, ndipo malamulo atsopano oyendetsera dziko anakhazikitsa bungwe loyendera ndende, lotsogozedwa ndi woweruza milandu. Mu 2000 kunayamba ntchito ya alangizi a zamalamulo olowa m'ndende kukathandiza anthu a pa rimandi, omwe ndi osungidwa podikira mlandu, kuti adziwe kupempha belo. Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa akaidi n'kuphwanya ufulu wa munthu, linanenanso kuti kudya kamodzi patsiku, nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, n'kosakhutiritsa, ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kudzazako ndi theka.

Komabe kuchuluka kwa akaidi kunachititsa kuti Mikuyu itsegulidwenso, ndipo kumeneko, monganso pa ndende ya Domasi, mumalowa ena amene khoti linawalola kulipira chindapusa m'malo mokagwira ukaidi, koma abale awo analephera kusonkha ndalamazo, kotero kuti kusowa ndalama kukadali chifukwa chimodzi chotsekera munthu, monga zinalili m'masiku a msonkho wa nyumba.