Feteleza, makuponi ndi minda ya kwa Zulu

Adzukulu, munda mukulimawu sunali waung'ono chonchi. Kale, Mchinji ikadali Fort Manning, kuno kwa Zulu nthaka ikaguga tinkangoigoneka tsala, n'kukaswa mphanje kwina. Manyowa anali a m'khola.

Feteleza anafala nthawi ya Kamuzu. ADMARC, imene inayamba mu 1971, ndiyo inkatigulitsa feteleza n'kumatigulanso mtedza wa chalimbana pamtengo wodziikira yokha. Ngongole inkadzera m'makalabu a alimi. Mmodzi akalephera kubweza, kalabu yonse inkamanidwa chaka chotsatira, ndiye anzako omwe ndi amene ankabwera kudzamasula mbuzi yako. Koma zonona zinali kumaesiteti. Mpaka 1990 lamulo silinkalola munthu wa m'mudzi kulima fodya wa bale, choncho malo ambiri a makolo anasanduka maesiteti, ana a eni nthaka n'kukhala matenanti, kudya chimanga changongole kwa bwana. Fodya akagulitsidwa, bwana ankayamba wadula zake.

Chilala cha 1992 chinagwetsa ngongole za makalabu zija. Mu 1998 a Muluzi anabweretsa Starter Pack, kathumba konyamula ndi dzanja limodzi. Makuponi anadza ndi a Bingu mu 2005: thumba la makilogalamu 50 pa K950, pambuyo pake K500, matumba awiri, lina la wokulitsa, lina la wobereketsa. Nkhokwe zinadzaza, chimenecho sindikana.

Kungoti makuponiwo sankakwanira. Mudzi umodzi unkagawika patatu kuti banja lililonse likhale ndi nyakwawa yake yolemba mayina. Makomo anayi ankagawana thumba limodzi, kuyeza ndi beseni, maso onse ali pamenepo. Wina, pakhomo patasowa ufa, ankagulitsa kuponi kwa venda, kenako n'kukapalira ganyu m'munda mwa munthu amene wathira feteleza yemweyo. Matumba awiri ndi a ekala imodzi basi, ndiye ambiri anazolowera kulima pongokwana matumbawo, kwinako n'kubwereketsa kwa a ndalama.

Mu 2020 dzina la ndondomeko ya makuponiyi linasintha kukhala AIP, thumba K4,495, ndipo mu 2022 linafika pa K15,000. Koma chimanga cha fetelezayu n'cha m'mimba. Malata mukuwaonawa, ndi fizi ya atate anu, zinachokera ku mtedza ndi soya. Ndiye dzina lanu lituluke pa mndandanda wa feteleza kapena lisatuluke, mbewu ya mtedza musamakazinge.