Mbiri ya Moto ndi Kuunika m'Nyumba za ku Mzimba

Pophunzitsa mbiri ya dziko lathu timakonda kuyamba ndi mafumu, nkhondo ndi maulendo a mitundu, ndipo nkoyenera kutero. Koma ilipo mbiri ina imene siilembedwa kawirikawiri, ndiyo ya moto wa pamafuwa: kumene nkhuni zinkachokera, amene ankazisenza, ndi zimene anthu anzeru anayesa kuchita pamene mitengo inayamba kutha. Mwana aliyense amene mudzamphunzitse ku Engucwini, ku Embangweni kapena pa boma la Mzimba adzabwera m'kalasi atadya chakudya chophikidwa pa nkhuni kapena pa makala. Chotero nkofunika kuti inu aphunzitsi a mawa muidziwe bwino mbiri imeneyi.

Makolo athu sankadziwa machesi. Moto ankachita kupeka, ndiko kuviringa kamtengo kouma pakati pa zikhatho pamwamba pa kamtengo kena kufikira utsi utafuka. Popeza ntchitoyi inali yowawa, moto sunkaloledwa kuzima wamba. Madzulo ankasonkhezera chikuni chachikulu cha muwanga kapena cha tsamba, ndipo m'mawa ankangofukula phulusa napeza makala ali ofiira. Mayi amene moto wamzimira ankatuma mwana ndi phale kukapala moto kwa mnzake. Moto womwewo unali wophikira, wowotha m'nyengo ya chisanu, wounikira m'nyumba, ndiponso utsi wake unkateteza mbewu zopachikidwa kutsindwi kuti zisafumbwe. Tikumbukire bwino ntchito zinayi zimenezi, pakuti ambiri amene anadza pambuyo pake kudzakonza mafuwa ankangoona ntchito imodzi yokha, yophika.

Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, tsiku limene kunachita kadamsana, ndipo patapita zaka ngati 20 anthu a M'mbelwa anakhazikika m'dziko lino pakati pa Atumbuka. Midzi yawo inali yaikulu ndithu, yomangidwa mozungulira khola la ng'ombe, ndi anthu ambiri pamalo amodzi. Mudzi wotere umadya mitengo msanga: ya nsichi ndi phaso, ya khola, ya nkhuni, ndi ina yotemedwa ndi kutenthedwa pokonza minda ya mawere. Zaka za m'ma 1800 zisanathe, dziko la ku Ekwendeni, ku Njuyu ndi kufupi ndi phiri la Hora linali litayera, nthaka itaguga, ndipo anthu anayamba kusamukira kumene kunali tchire. Mbusa Donald Fraser anawatsata nachoka ku Hora kukamanga mishoni ku Embangweni m'chaka cha 1902, malo amene anawatcha Loudon. Apa tiona kuti kusowa kwa nkhuni si chinthu cha dzulo ayi. Kusiyana kwake nkwakuti masiku amenewo mankhwala ake anali kusamuka, pamene lero kulibenso tchire losamukirako.

M'chaka cha 1904 Angoni a kuno analowa pansi pa Boma la Angerezi, Bwanamkubwa Alfred Sharpe atakomana ndi mafumu awo. Msonkho utafika, amuna ambiri a ku Mzimba anapita kukagwira ntchito ku Salisbury, umene lero ndi Harare, ndi ku migodi ya Johannesburg. Pobwera ankatenga machesi, nyali za palafini ndi zina zotere, ndipo m'kupita kwa nthawi koloboyi analowa m'nyumba zambiri. Kuunika kunapatukana ndi kuphika kwa nthawi yoyamba, koma kunayamba kulira ndalama. Ntchito ya nkhuni inatsalira akazi ndi ana okhaokha, ndipo mtunda wopita kuthengo unkatalika chaka ndi chaka. Boma la Atsamunda linapatulanso nkhalango zina, monga Perekezi ndi Chimaliro, kuti ziteteze magwero a mitsinje. Anthu ambiri anangoziona ngati malo oletsedwa osati chuma chawo.

Chodabwitsa nchakuti magetsi anayaka kumpoto kuno kale kwambiri. Dr Robert Laws, pomanga Livingstonia pa Khondowe, anatchera madzi a mtsinje wa Manchewe kuti azizunguza makina, ndipo m'chaka cha 1905 nyumba za mishoni zinawala ndi magetsi. Nzeru yake ndi yapafupi kuimva: madzi otsika kuchokera pamwamba amakankha gudumu, gudumu lizunguza mawaya pakati pa maginito, ndipo m'mawayamo mumabadwa mphamvu. Madzi akangodutsa abwerera kumtsinje osachepa konse. Komabe kuwala kumeneku kunatsala pamishoni pokha. Magetsi aakulu a dziko lino anadzayamba pa mathithi a Nkula pa Shire m'chaka cha 1966, kenaka Tedzani mu 1973 ndi Kapichira mu 2000, onsewo kum'mwera. Kumpoto kunangomangidwa kasiteshoni ka Wovwe ku Karonga mu 1995, ka mamegawati 4.5. Kudalira mtsinje umodzi kunaonetsa kuipa kwake mu January 2022, pamene namondwe Ana anaononga Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi.

Tsono tibwere ku mitengo yobzala. Pa mapiri a Viphya, kum'mawa kwa boma la Mzimba, Boma linayamba kuyesa mitengo ya paini dziko lisanalandire ufulu, ndipo kuyambira 1964 kubzala kunakula kwambiri mpaka nkhalango ya Chikangawa inafika mahekitala ngati 53,000, imodzi mwa nkhalango zobzalidwa zazikulu koposa mu Africa. Cholinga chinali kumanga fakitale ya zopangira mapepala, koma fakitaleyo sinamangidwe. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri anayesa kuotcha makala a paini m'ng'anjo za njerwa kuti anthu a m'mizinda aleke makala a mitengo yachilengedwe. Maganizowo anali abwino, koma makala a paini ndi opepuka, amanyeka msanga, ndipo kuwanyamula ulendo wautali wa ku Lilongwe ndi Blantyre kunali kodula. Akazi ophika anapitiriza kufuna makala olemera a kuthengo. Motero boma limene linali ndi nkhalango yaikulu chotere linakhalabe ndi midzi imene mayi amayenda maola angapo kuti apeze mtolo umodzi.

M'chaka cha 1976 Dr Kamuzu Banda anakhazikitsa tsiku lobzala mitengo, la 21 January, limene pambuyo pake linasanduka nyengo yathunthu ya dzinja. Mu 1980 kunayambika ntchito yaikulu ya nkhuni mothandizidwa ndi World Bank: anamanga nazale zambiri kuti alimi azigula mbande motchipa, nakhazikitsanso kagulu kofufuza za kagwiritsidwe ka nkhuni m'midzi ndi m'mizinda. Ofufuzawo anapita m'makomo kukafunsa anthu eni ake, ndipo anapeza chinthu chimene okonza ntchitoyo sanayembekeze. Mlimi wobzala bulugama ankafuna mitengo yomangira ndi yogulitsa. Sankaona chifukwa choperekera munda wa chimanga ku nkhuni pamene kuthengo zinali zikadali zaulere. Mmodzi wa ofufuzawo, David French, analemba za vutoli mu 1986. Phunziro lake ndi lakuti munthu wa kumudzi si wopusa: amawerengera nthaka yake, nthawi yake ndi thukuta lake, ndipo sangalandire chinthu chifukwa chakuti bwana wachiyamikira.

Phunziro lomweli linaonekanso pa nkhani ya mbaula. M'maiko ambiri mbaula zatsopano zinkapulumutsa nkhuni zochuluka poziyesa akatswiri, koma zikafika m'khitchini ya kumudzi phindu linkachepa, mwina chifukwa mphika wa nsima sunkakhazikika povundula, mwina chifukwa banja linkasonkhabe moto wina wowotha. Mbaula imene inafala ndi ija yotchedwa Chitetezo, imene inayambira ku Mulanje, youmbidwa ndi akazi ndi dothi la mtapo ndi kuotchedwa monga mbiya. Mafuwa atatu amataya kutentha mbali zonse, makamaka kukakhala mphepo. Mbaula iyi imatchinga moto, ili ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni ndi mpweya, ndipo malawi amalunjika pansi pa mphika. Dothi likatentha limasunga kutenthako. Ndi nkhuni zouma zowaza bwino, mayi akhoza kupulumutsa gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni zake, ndipo mbaulayi imalandiranso zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Kwa anansi athu a ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa linafalitsa ina yotchedwa Changu Changu Moto, yomangidwa ndi zidina m'khitchini momwemo, ya malo awiri ophikira. Mu 2013 Pulezidenti Joyce Banda analengeza cholinga chakuti mbaula zotere zifike 2 miliyoni pofika 2020. Chinsinsi cha zonsezi nchimodzi: zipangizo zake zili pakhomo, ndipo ikasweka mwini wake adziwa poyambira.

Koma mphunzitsi woona asalonjeze zoposa zimene zatsimikizika. Ku Chilumba m'boma la Karonga ndi ku Chikwawa madokotala anachita kafukufuku wamkulu, wotsogozedwa ndi Kevin Mortimer, pa ana oposa 10,000 osakwana zaka 5. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zodula zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto, ena napitiriza kuphika pamafuwa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa m'magazini ya The Lancet mu 2017, zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe mwa ana a mabanja a mbaula zatsopano, ngakhale kuti ana opsa ndi moto anachepa. Utsi umene mwana amapuma suchokera pamphika pokha. Ulipo wa zinyalala, wa lupsa ndi wa makomo a anzawo, ndiponso mbaula zambiri zinkaonongeka. Kafukufuku wabwino ndi amene amanena zoona ngakhale zitakhala zosakondweretsa amene analipira.

Za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo nazonso zili ndi mbiri yake kuno. Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, ili ndi gawo lophunzitsa za mphamvu zosatha, ndi malo oyeserako zipangizo za sola ndi kusula amisiri ozimanga. M'zaka za m'ma 2000 Boma linamanga m'midzi ingapo magetsi ophatikiza dzuwa ndi mphepo, ndipo umodzi mwa midziyo unali Elunyeni m'boma lino. Poyamba kunali chimwemwe, koma batire sikhala muyaya, ndipo pamene panalibe thumba la ndalama zogulira ina kapena mmisiri wapafupi, mdima unabwerera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Yerekezani zimenezi ndi za William Kamkwamba wa ku Wimbe, kwa anansi athu a ku Kasungu. Iye atalekezera sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, anawerenga buku la m'kanyumba ka mabuku pasukulu ya pulayimale, namanga mu 2002 makina a mphepo ndi mitengo ya bulugama, njinga yakutha ndi dainamo. Makinawo anali osaoneka bwino, koma akaonongeka mwini wake ankakwera nawakonza.

Nanga tafika pati? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'dziko muno, pafupifupi 77 zinkaphikira nkhuni ndipo 18 makala. Zounikira magetsi a mawaya zinali ngati 11 zokha, ndipo zoposa theka zinkaunikira matochi a mabatire. Koloboyi anagonja kwa tochi ndi kanyali ka sola popanda lamulo lililonse, chifukwa anthu anaona okha kuti nzotchipa ndi zosafuka utsi. Kuphika ndiko kwatsalira. Minda yaikulu ya sola inatsegulidwa ku Salima mu 2021 ndi ku Golomoti mu 2022, lamulo la nkhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, komabe matumba a makala sanaleke kutuluka m'nkhalango monga Perekezi, pakuti wootcha alibe ntchito ina ndipo wogula m'tauni alibe pena pophikira.

Tsono inu amene mukukonzekera kukagwira choko, mbiri iyi ikupatsani ntchito zitatu. Yoyamba, tumani ana kwa agogo awo akafunse mawu akale a moto ndi maina a mitengo ya nkhuni, m'Chitumbuka, m'Chingoni ndi m'Chichewa, ndi kumene nkhunizo zinkatoledwa kale. Mudzalemba mbiri ya mudzi imene siili m'buku lililonse. Yachiwiri, pa phunziro la masamu yesani pa sikelo nkhuni zowiritsa madzi ofanana pamafuwa ndi pambaula, mubwereze katatu, ndipo ana alembe zimene aona, osati zimene mphunzitsi afuna. Yachitatu, sukulu ikabzala mitengo mu January, muiwerengenso mu October, chifukwa mtengo wowerengedwa ndi umene wapirira chilimwe. Ndipo mtsikana akafika mochedwa, muyambe mwafunsa kutalika kwa kumene anakatola nkhuni musanatenge chikwapu. M'mera mpoyamba: ana amene aphunzira kufunsa, kuyesa ndi kukonza ndi manja awo ndiwo amene adzasunge mitengo yotsala ya dziko la M'mbelwa.