Mkazi wa Tchaikovsky ndi Amene Anasimba Mbiri Yake

Amene tinakulira m'makomboni a minda ya fodya ku Tengwe tikudziwa kuti zolembedwa za makolo athu ochokera ku Nyasalande zinatsala m'mabuku a malipiro a mwini munda. Wogwira cholembera ndiye ankasankha zoti zikumbukike. Zotere zinamugweranso Antonina Milyukova, mkazi wa Pyotr Tchaikovsky, katswiri wopeka nyimbo wa ku Russia.

Awiriwa anakwatirana ku Moscow mu Julayi 1877. Tchaikovsky, amene mtima wake unkakonda amuna anzake, ankayembekeza kuti ukwati utseka pakamwa anthu amiseche. Miyezi itatu isanathe anathawa, ndipo sanakhalirenso limodzi, ngakhale kuti ukwatiwo sunathetsedwe mpaka mwamunayo anamwalira mu 1893. Amene anasimba za banjali kwa mibadwo yotsatira anali Modest, mng'ono wake wa Tchaikovsky. M'buku lake la mbiri ya mkulu wakeyo, mlamu wake akuoneka ngati chitsiru chimene chinatsala pang'ono kupha luso la munthu wamkulu.

Ken Russell, m'kanema wake wa 1971 wotchedwa The Music Lovers, anatenga chithunzi chimenechi n'kuchikuza. Glenda Jackson anasewera Antonina mwaluso lochititsa mantha, koma mayi amene tikumuonayo ndi wachilakolako chosaletseka, wotsekeredwa m'chipatala cha amisala mwamuna wake akadali moyo. Apa Russell anapotoza zaka. Antonina analowa m'chipatalacho mu 1896, patatha zaka zitatu mwamuna wake ali m'manda, ndipo anamwalira mu 1917. Kupotozaku sikochepa ayi, pakuti kumachititsa woonera kuganiza kuti misala ndiyo inapasula banja, pamene banjalo linapasuka zaka 19 m'mbuyomo.

Chonsecho mayiyu analankhulapo. Mu 1894 nyuzipepala ina ya ku St Petersburg inasindikiza zimene iye ankakumbukira za mwamuna wake, ndipo m'menemo mulibe mawu achipongwe. Ana atatu amene anabereka ndi mwamuna wina anawapereka kunyumba yolerera ana amasiye, ndipo onse anamwalira ali aang'ono. Panapita zaka 100 kuti Valery Sokolov, mu 1994, afufuze makalata ake ndi kulemba buku la moyo wake. Kanema wa Kirill Serebrennikov wa 2022, Tchaikovsky's Wife, anamuika pakati pa nkhani, komabe ngakhale mmenemo tikumuona akungozungulira mwamuna amene sakumufuna.